Kapampu ka Ulusi Wofiira

Lusubilo mwana wanga,

Ndikulemba mothamanga, ndiye ukaona zilembo zapendama usaseke. Wapita kukalukitsa tsitsi kwa anzako, ndipo ndikudziwa kuti ukabwera tiyambananso tikangotsegula pakamwa. Ine ndikakwiya ndimakuwa, iwe ukakwiya chifuwa chimatseka. N'chifukwa chake ndasankha pepala. Pepala silikuwa. Ndikulemba m'Chichewa poti ndi chimene anatiphunzitsa kulemba kusukulu ndisanasiye, koma mkwiyo uli m'mawu awa ndi wa konkuno ku Chisenga. Mawa m'mamawa ukukwera galimoto ya ku Mzuzu kukayamba sukulu yako ya mankhwala achilengedwe, ndipo pali nkhani imodzi imene sindingalole kuti ukafike kumeneko usanandimve.

Ndamva za beseni.

Usamukwiyire mnzako Wezi, sanabwere kudzakuneneza ayi. Ndakumana naye kuchigayo lero m'mawa, iye n'kumandiuza akusekerera, kuyesa kuti ndikudziwa kale. Akuti, "Amama, nanga simunamve? Tsiku loyamba ophunzira atsopano amaima kutsogolo, pakati amaikapo beseni, aliyense n'kutayamo mankhwala a kuchipatala amene amamwa. Ena a shuga, ena a mutu, anthu akuomba m'manja. Lusubilo wandiuza yekha kuti akufuna akhale woyamba, akataye kapampu kake ka mphumu." Ndinaima ngati mtengo, ufa ukusefukira pansi, mpaka wa chigayo anandikuwira kuti amama gwirani thumba bwino.

Lusubilo, kapampu? Kapampu kamene umapumira chifuwa chikatseka? Ukakataye m'beseni kuti anthu osakudziwa aombe m'manja? Ku Mzuzu, kumalo a nkhungu ndi mawawa, mwezi wozizira ngati uno? Ndipo unakonza zoti ine ndisadziwe. Dzulo lomweli ndinakufunsa kuti kapampu walongedza, iwe n'kuti, "Eya amama, kali m'chikwama." Sunaname, kalidi m'chikwama. Koma sunandiuze kuti kakupita kukatayidwa. Pulika, mwana wane, ndimvere, uwerenge kalata iyi mpaka kumapeto, ngakhale ikupse mtima.

Kuyambira pamene bambo uja wa jekete loyera, mphunzitsi wa kusukulu ukupitayo, anabwera kudzamanga tenti yake kumsika, iwe n'kuyamba kumumasulirira zonena zake m'chiyankhulo chathu, wakhala ukundiimbira mfundo zake ngati nyimbo ya kwaya. Tikamatonola chimanga, mfundo. Tikamachapa, mfundo. Thupi limadzichiza lokha. Osalimbana ndi zizindikiro, funa muzu wa matenda. Chiza munthu yense, osati chiwalo chimodzi. Usavulaze wodwala. Ndaziloweza ndisakufuna. Ndipo usaganize kuti ndikuti zonsezo n'zabodza. Chimene chikundipsetsa mtima n'chakuti zambiri n'zoona, ndipo chifukwa n'zoona wameza ndi chakupha chomwe chimene achibisa pakati pake.

Zoti thupi limadzichiza lokha ndani sadziwa? Khasu linanditema chala cha kuphazi, sindinapite kulikonse, ndinangotsuka ndi madzi a mchere, lero chilipo chipsera chokha. Chimfine timachiza ndi mandimu, jinja ndi kugona. Ndani amakupangira tiyi ameneyo, si ine? Koma thupi limadzichiza likamapuma. Limafuna masiku. Mphumu yako sipereka masiku, ikagwira imafuna yankho pomwepo. Ndinaziphunzira movutika, ndipo ndikuuza mmene zinakhalira, poti unali wamng'ono sungakumbuke.

Unali utangoyamba kuthamanga bwino. Inali nthawi yopuntha mawere, fumbi ndi mungu zili tolo pabwalo pa agogo ako, amayi awo a adada ako. Masana dzuwa lili pamutu unayamba kutsokomola, kenako chifuwa chinayamba kulira ngati kamwana ka mphaka. Ine ndinali mwana ndekha, mtengwa watsopano pamudzi wa eni ake, wogwada polankhula, wosayang'ana apongozi kumaso. Ndinati tipite naye kuchipatala. Apongozi anati, "Chipatala cha chiyani? Ana onse a pano anakula ndi bulugamu." Anawiritsa masamba a bulugamu, anakukhazika pamiyendo panga, n'kutifunditsa bulangete tonse awiri pamodzi ndi mphika. Ndinakhala mumdima umenewo thukuta lili kamukamu, ndikumva chifuwa chako chikulira pa chifuwa changa. Patapita nthawi kulira kuja kunachepa, kenako kunasiya. Apongozi ali kunja anati, "Mwaona? Chasiya. Mankhwala agwira, musavundukule." Ndipo ine, chitsiru ine, ndinakhalabe, poti anandiphunzitsa kuti mtengwa satsutsa. Chimene chinandivundukulitsa n'chakuti dzanja lako limene linagwira bulauzi yanga linamasuka lokha. Nditakutulutsa milomo inali yotuwa ngati phulusa, maso atatembenuka. Adada ako anakumangirira kumsana kwanga, tinakwera njinga, iwo akupalasa ngati wamisala, ine ndikukuitana dzina njira yonse. Kuchipatala atakuika pamakina ndi kukubaya jakisoni, adokotala anandiuza mawu amene ndidzafa nawo. Anati, "Amayi, chifuwa cha mphumu chikamalira ndiye kuti mpweya ukudutsabe. Chikakhala chete mwana akubanikabe, ndiye kuti njira yatsekeka. Chete ameneyo si kuchira ayi."

Tsopano kumbukira zimene unandiuza Lamulungu lapitali tikuchokera kutchalitchi. Unati, "Amama, akuti munthu akasiya mankhwala a chipatala amayamba wadwalako kaye, koma asaope, ndi poizoni akutuluka, apirire." Sindinadziwe kuti umanena za iwe mwini. Apirire! Ndi mawu omwe aja a apongozi anga, angovekedwa jekete loyera. Musavundukule, mankhwala agwira. Ndiye iwe udzakhala pabedi m'chipinda cha eni ake, chifuwa chikulira, anzako atakuzungulira akukulimbitsa mtima kuti poizoni akutuluka. Chikadzasiya kulira adzati wachira. Ndani kumeneko amadziwa chete ameneyo? Ndani adzavundukule bulangete? Ine ndidzakhala kuno ndikupalira nyemba osadziwa kanthu. Ukundimva, Lusubilo? Kubanika si poizoni wotuluka. Ndi mpweya wosalowa.

Ndiye pali za muzu. Umati kapampu kamangogoneka matenda, sikazula muzu. Mwana iwe, ukufuna kuphunzitsa ine kufuna muzu? Ine ndaufuna muzu umenewu kuyambira tsiku la bulangete lija. Ndinakakamiza adada ako kumanga khitchini kutali ndi nyumba kuti utsi usakupeze. Nkhunda zawo zimene ankazikonda kuposa ine ndinazithamangitsa, tinakhala osalankhulana mpaka mvula inagwa. Mphaka ndinapatsa anthu. Ndinasiya kufulula mowa wa mawere umene unkatithandiza pakhomo pano. Posesa ndimawaza madzi kaye mpaka lero. Anthu akayamba kutentha tchire ndinkakutsekera m'nyumba. Zimenezi zinathandiza, sindikana, kudwala kunachepa. Pamenepo aphunzitsi akowo akunena zoona, kupewa kumaposa kuchiza, ndipo ukapitirize kupewa kumeneko. Usakagone pafupi ndi mbaula, usakakunthe matiresi a fumbi wekha, ukavale juzi ija ngakhale anzako aziti ndi ya chigogo.

Koma imva pamene ndinalakwitsa. Nditaona kuti zikuthandiza ndinayamba kuona muzu paliponse. Wina akati ndi mazira, ndinkakuletsa mazira. Wina akati ndi mtedza, mtedza basi. Mkaka, nyama ya nkhumba, nthochi zakupsa, madzi ozizira a m'chitsime, zonse ndinakuletsa. Mpira wa manja ndinakuletsa. Anzako akamasewera fulaye iwe unkakhala pakhonde utafunda nsalu ngati nkhalamba. Unaonda, mawondo kukula kuposa ntchafu, ndipo mphumu inabwerabe nthawi yake itakwana. Tsiku lina adada ako anatopa nane, anati, "Iwe, ukufuna muzu? Adada anga ankalira chifuwa chomwechi mpaka anamwalira. Katenge khasu ukawafukule, muzu uli kumeneko." Ndinakwiya, koma ankanena zoona. Pali mizu ina imene munthu amabadwa nayo. Sumaizula, umangophunzira kukhala nayo. Ndiye bambo ako wa jekete loyerayo akauzula bwanji ndi madzi a mandimu ndi kusala kudya? Ngati angathe, Chiuta amudalitse, ndidzamupatsa mbuzi. Koma auzule kaye, kapampu kali m'thumba mwako. Munthu sagwetsa nyumba yakale asanafolere yatsopano.

Ndikudziwa chimene chinakukokera kwa iwo, usayese kuti sindiona. Unabwera tsiku loyamba lija maso akuwala, n'kuti, "Amama, anandifunsa mmene ndimagonera, zimene ndimadya, zimene zimandidandaulitsa. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kuchipatala sanandiyang'anepo kumaso." Ndinadziwa kuti sukunama.

Inenso zinandichitikira. Uli sitandade thuu ndinapita nawe kuchipatala china, titayenda mtunda ndi njala, tinadikira pamzere mpaka dzuwa kupendeka. Titalowa, namwino sanadzutse n'komwe mutu. Ndikuyesa kufotokoza ndi Chichewa changa chopunduka, iye n'kuti, "Amayi fulumirani, si inu nokha. Mumadikira mwana afike potere bwanji? Anthu a kumudzi inu!" Ndinatuluka misozi ili m'maso, ndinalumbira kuti phazi langa silidzapondanso kumeneko. Nyengo yonse ya mvula sindinapite. Ndinkagula mapiritsi kwa anyamata oyala katundu pansi tsiku la msika, aja amabwera ndi katundu wa kutsidya kwa malire. Mnyamatayo ankandilandira bwino, "Karibu mama, khalani pa mpando," ankandifunsa za iwe ndi dzina. Ndinkamukhulupirira chifukwa cha ulemu wakewo. Ndinakumwetsa timapiritsi take toyera mmene anandiuzira, mpaka tsiku lina ndinakupeza manja akunjenjemera osatha kugwira kapu, mtima ukugunda ngati ng'oma moonekera pa diresi. Ndinabwerera kuchipatala chomwe chija mutu uli pansi. Anandikalipiranso. Koma anakuchiza.

Ndiye phunzira pa ine. Wolankhula bwino ndi wochiza bwino nthawi zina amakhala munthu mmodzi, nthawi zina ayi. Namwino uja analakwa, ndipo mpaka lero ndikamukumbukira mtima umawawa. Koma ine ndinalanga mwana wanga pofuna kulanga namwino. Iwenso ukufuna kulanga chifuwa chako chifukwa a chipatala sanakuyang'ane kumaso. Kumvetseredwa n'kokoma, mwana wanga, kumachiza mtima, koma sikutsegula chifuwa. Ngati kusukulu kwanuko akakuphunzitse kukhala pansi ndi wodwala, kumufunsa za kwawo, za chakudya, za nkhawa zake, phunzira ndi mtima wonse, ubwere nazo kuno, tikuzisowa. Koma munthu yense amene mukuti muzichizayo ali ndi mapapo. Musamuchize yense n'kusiya mapapo.

Ukukumbuka tsiku ndinabwera kumsika kudzaonana nawo aphunzitsi akowo? Unati ndinakuchititsa manyazi, ndipo sunadye nsima yanga madzulo ake. Anandilandira bwino, sindinganame. "Yewo amama, khalani apa," ndi Chitumbuka chawo chophunzirira m'basi. Mabotolo ali ndandanda patebulo. Ndinawafunsa za chifuwa chako, iwo n'kuti, "Amayi, mwana wanu wasanduka kapolo wa kachitsulo. Mulungu sanalenge munthu kuti azipumira m'kachitsulo." Ndinawayang'ana kumaso, ndinaona magalasi okhuthala kwabasi. Ndinati, "Nanga inu abambo, Mulungu anakulengani ndi magalasiwo? Bwanji osavula kuti maso adzichize okha?" Amayi ogulitsa tomato aja anaseka mpaka wina kugwetsa mulu. Iwonso anaseka, n'kuti, "Amayi ndinu ochenjera, koma zimenezo ndi zina." Kenako anayamba mawu ataliatali a Chizungu, iwe ukundikoka dzanja kuti amama tiyeni. Sindinapambane tsiku limenelo, ndikudziwa. Iwo ndi ophunzira, ine ndinalekera panjira. Mwina pali zambiri zimene amadziwa zimene ine sindidzadziwa. Koma tsiku la beseni ukayang'anitsitse. Ukaone ngati magalasi aja adzagweremo. Ndipo iwo atavula, angopunthwa pachitsa n'kudzuka. Iwe ukataya chako sudzapunthwa chabe.

Mawu aja akuti kapolo wa kachitsulo ndinaona mmene anakulasira. Ndikudziwa kuti kapampu kamakuchititsa manyazi kuyambira kale. Ndikudziwa kuti ku sekondale anyamata ankakutchula Kapampu, ena kumayerekeza kubanika ukamadutsa. Ndikudziwa kuti unkabisala kuchimbudzi popopera. Ndinamvanso zimene ananena amayi a mnyamata uja unkamufuna, zoti mwana wawo sangakwatire mkazi wopumira m'chitini. Unaganiza kuti sindinamve, ndinamva, ndipo mayi ameneyo mpaka lero sindimupatsa moni. Ndiye wina akabwera n'kukuuza kuti ungamasuke, ungakhale ngati anzako onse, ndani sangathamangire? Sindikukunena kuti ndiwe wopusa. Ndikuti watopa. Koma Lusubilo, manyazi sanaikepo munthu m'manda. Ine ndingakonde azikuseka mpaka udzamere imvi.

Pali mfundo ina imene umaitchula mothamanga, koma kwa ine ndi yaikulu kuposa zonse. Usavulaze wodwala. Eya! Imeneyo ndiye ailembe pakhomo pa sukulu yanuyo ndi zilembo zazikulu. Tsono beseni likugwirizana bwanji ndi mfundo imeneyi? Munthu wa shuga akataya mankhwala ake anthu akuomba m'manja, mawa akakomoka, oomba m'manja aja amakhala kuti? Sindikudziwa ngati onse a mankhwala achilengedwe amachita za beseni. Mwina alipo ena aulemu amene amati imwa zako za chipatala, ife tikuthandiza pa kadyedwe ndi kupewa. Ngati alipo, ukawafunefune, ukakhale pafupi ndi amenewo. Ndipo tsiku lina ukadzavala jekete loyera lako, kudzabwera kamtsikana konga ine kale, kobereka mwana kumsana, koopa kutsutsa munthu wamkulu. Chimene udzanene kadzachita. Ukadzati pirira, kadzapirira mpaka dzanja la mwana lidzamasuke. Usadzamuuze mayi aliyense kuti ataye mankhwala a mwana wake. Ukadzachita zimenezo usadzatchule kuti ndiwe mwana wanga. Ndanena.

Tsopano imva nkhani yomaliza, iyi ukuikumbuka pang'ono, koma sudziwa chimene ndinatolapo. Uli sitandade seveni tinkapita wapansi kumsonkhano wa amayi a tchalitchi, kudzera njira ya kufupi ndi ofesi ya m'malire. Anthu anali atatentha tchire m'munsi mwa mapiri a Mafinga, utsi uli kuyenda pansi ngati nkhungu. Unayamba kutsalira, kenako unagwira mawondo. Ine osada nkhawa, poti kapampu kanali m'thumba. Ndinakupatsa, unapopa, kanalira fuu monga mwa masiku onse. Palibe chinasintha. Unapopanso, fuu. Ndinakulanda ndikuyesa kuti ukulakwitsa, ndinapopera m'mwamba, fuu, kakulira bwinobwino. Ndinayamba kukukalipira kuti ukoke mpweya bwino, pamene iwe mapewa akukwera ndi kutsika, maso ali pa ine. Amayi anzanga anayamba kupemphera mokweza. Kunatuluka mayi wina wa yunifolomu mu ofesi muja, wochokera kummwera, wonenepa, woyenda mwaulesi. Anatenga kapampu kaja, anakagwedeza pafupi ndi khutu, n'kuti, "Iwe mayi, aka katha kalekale! Kakungotulutsa mpweya wabodza." Anapisa m'chikwama chake n'kutulutsa kake, poti naye anali wa mphumu. Unapopa, tinadikira, unapopanso, ndinaona mapewa ako akutsika pang'onopang'ono. Mayi uja anakusisita pamutu, n'kuti, "Ife a timapampu sitifa msanga, mwana wanga, bola osachita manyazi." Dzina lake sindinafunse, anasamutsidwa.

Kulakwa kunali kwanga. Sindinkadziwa kuti kapampu kotha kamaliranso chimodzimodzi ndi kodzaza. Kunja n'kofanana, kulira n'kofanana, koma m'kati mulibe chochiza. Kuyambira tsiku limenelo ndi pamene ndinayamba kumanga ulusi wofiira wolukira zipewa pa kapampu katsopano kalikonse, ndipo kakayamba kupepuka ndimakatenga kena n'kusamutsa ulusi. Iwe unkayesa kuti ndi zokongoletsa, nthawi ina unati amama mwayamba zithumwa. Totha tija sinditaya, poti anandiuza kuti tikagwera pamoto timaphulika, ndipo pano ana ndi ambiri. Timakhala m'chitini chija cha pamwamba pa kabati.

Ndiye nazi zimene ndachita iwe uli kolukitsa tsitsi, ndipo ukwiye mmene ungakwiyire.

Poyamba ndinafuna kubisa chikwama chako kuti galimoto ikusiye. Ndinafunanso kuuza adada ako za beseni, koma ukuwadziwa, ulendo ukanathera pomwepo, ndipo iwe ukanandida moyo wako wonse, mwinanso kuthawa usiku popanda ngakhale juzi. Wakhala pakhomo pano chimalizireni folomu folo ukuyang'ana msewu. Sindikufuna kukutsekeranso pakhonde utafunda nsalu, ndinachita kale zimenezo ndipo sizinathandize. Pita. Kaphunzire za masamba, za kadyedwe, za kumvetsera odwala. Koma ndikukudziwa, ndiwe mwana wa adada ako, ukanena chinthu pamaso pa anthu subwerera. Unalonjeza kuti udzakhala woyamba pabeseni, ndipo ngakhale kalata iyi ikulize, tsiku limenelo anzako akadzayamba kuimba miyendo idzakunyamula yokha.

Ndiye m'chikwama chako muli timapampu tiwiri. M'thumba la kutsogolo, mmene unaika iwe, ndachotsamo kodzaza kaja, ndaikamo kotha kochokera m'chitini. Ndasankha kooneka bwino, ndakapukuta. Kalibe ulusi. Kameneko ndiye ka beseni. Ukaimirire kutsogolo, ukakakweze m'mwamba, ngati akufuna umboni ukapopere m'mwamba, kadzalira fuu, palibe adzadziwe. Ukakaponye, aombe m'manja mpaka manja atupe. Iwo akufuna phokoso, apatse phokoso.

Kodzaza, ka ulusi wofiira, ndakakulunga m'sokosi ndi kukalowetsa m'mkono wa juzi yako yobiriwira, pamodzi ndi kabuku kako ka kuchipatala. Kameneko si ka beseni, si ka aphunzitsi, si ka mnzako aliyense. Kazigona pansi pa pilo yako, kaziyenda m'thumba la siketi. Kakayamba kupepuka ukapite kuchipatala cha boma ndi kabukuko, akukalipire asakukalipire, ukatenge kena, ukasamutse ulusi. Ndaikamo ndi ulusi wina wapadera. Ndipo upeze mnzako mmodzi wogona naye chipinda, mmodzi yekha wa mutu wabwino, umuuze kuti ndikadzabanika mpaka chifuwa kukhala chete, usadzapemphere kaye, usadzafunse aphunzitsi, udzathamangire galimoto.

Udzati amama mukundiphunzitsa bodza, inu amene munandikwapula chifukwa chonama za shuga wa tiyi. Eya, ndikukuphunzitsa bodza. Chimene ndikanakonda n'chakuti uime pamaso pawo n'kunena kuti ine changa sinditaya, ndipo mfundo yanu yomwe ikuti tisavulaze. Ukatero ndidzavina pabwalo pano anthu adzati ndapenga. Koma ndikudziwa kulemera kwa maso a anthu pa mtsikana wachilendo, ndinakhalapo pansi pa bulangete ine. Ngati mphamvu imeneyo palibe, gwiritsa ntchito kothako. Tchimo lake likhale langa, ndikalapa ndekha Lamulungu. Chiuta amene anakupatsa chifuwa chimenechi akudziwa chifukwa chake.

Ndipo ndikuchenjeza, Lusubilo, usandiyese. Ndizikuimbira foni, ndipo sindizikufunsa kuti uli bwanji, poti udzati ndili bwino ngakhale ukufa. Ndizingomvetsera mmene ukupumira pakati pa mawu. Khutu langa lakhala pa chifuwa chako kuyambira uli wakhanda, sungalinamize. Ndikadzangomva kamphaka kaja kakulira, ndidzati popera ndimve. Ukadzazengereza ndidzadziwa kuti ka ulusi wofiira kanapita m'beseni. Tsiku lomwelo ndidzasiya khasu m'munda, ndidzakwera chilichonse choyenda, ngakhale lole ya fodya, ndidzafika pasukulu yanuyo ndi matope a ku Chisenga kumapazi. Ndidzalowa m'kalasi, ndidzawavula magalasi aphunzitsi akowo pamaso pa onse, ndidzakutenga padzanja ngati mwana wa sitandade wanu. Pamenepo ndiye udzadziwa manyazi enieni. Ukundidziwa.

Ndinakubereka ine ndisanathe kukula, anthu mpaka lero amatiyesa pachibale. Tinakulira limodzi ine ndi iwe. Zimene ndikudziwa za dziko lino ndinaziphunzira pa chifuwa chako. Sindinakusunge kuchokera pa njinga ija mpaka lero kuti ukathere m'manja mwa anthu oimba nyimbo.

Ndakumva ukutsokomola kuseri kwa nthochi, wabwera, ndipo wayendanso wopanda juzi mphepo yonseyi. Ndilekere pano ndisanayambe kukuwa. Kalatayi ndiipinda ndi kuiika m'thumba la mtedza wokazinga, poti ndikudziwa kuti usanafike ku Karonga udzakhala utalitsegula.

Kopanda ulusi n'kawo. Ka ulusi wofiira n'kako. Usasokoneze, mwana wane, usasokoneze.

Ndine amama ako.